Mankhwala Amene Amalamula Maselo a Khansa Kuti Afe

M'midzi yathu kuno kum'mawa, kucokera ku Chipata mpaka ku Katete, Chadiza, Lundazi ndi kucigwa ca Luangwa, muli matenda ena a ana amene amatisokoneza kwambiri. Mwana amene anali bwinobwino amayamba kutupa tsaya kapena nsagwada. Mano amagwedera, nthawi zina diso limatuzuka, kapena mimba imakula ndi kulimba. Poyamba timati ndi matsagwidi kapena dzino lobooka. Pakapita masabata awiri cotupa cikukulirakulirabe, timayamba kulozana zala pamudzi, ndipo kawirikawiri cala cimagwera agogo osalakwa.

Acipatala amawachula matenda amenewa kuti Burkitt lymphoma. Ndi mtundu umodzi wa khansa ya maselo a citetezo ca m'thupi, ndipo amagwira makamaka ana a zaka zapakati pa 4 ndi 9, anyamata kuposa atsikana. Palinso mitundu ina ya lymphoma imene imagwira akuluakulu. Matendawa amacizika, ndipo lero kuli mankhwala amene amagwira selo la khansa ndi kulilamula kuti life. Tikamvetsa mmene mankhwalawa amagwirira nchito, tidzamvetsanso cifukwa cace kucedwa ndi kuthawa m'cipatala kumatithera ana.

Imfa imene imasunga moyo

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri tochedwa maselo, tosaoneka ndi maso. Selo limabadwa, limagwira nchito yake, ndipo nthawi ikakwana limafa. M'kati mwace muli kale dongosolo lakuti lidziphwasule lokha likangolandira lamulo. Tsiku lililonse maselo mabiliyoni ambiri amafa mwa njira imeneyi m'thupi mwathu, ife osamva kanthu.

Tonse tinaonapo mbululu m'dambo. Ikamasanduka cule, mcira wace suduka ndi mpeni koma umatha wokha pang'onopang'ono, cifukwa maselo a mcirawo alamulidwa kufa. Ngakhale mwana ali m'mimba, dzanja lace limayamba ngati kakhasu, kenaka maselo a pakati amafa ndipo zala zimapatukana.

Mu 1972 akatswiri atatu ku Aberdeen m'dziko la Scotland, a John Kerr, a Andrew Wyllie ndi a Alastair Currie, anaipatsa imfa imeneyi dzina lakuti apoptosis, liu la Cigiriki lonena za kuyoyoka kwa masamba. Alimi amene muli ndi mitengo ya msangu m'munda mukudziwa kuti masamba ace amagwa mvula ikamayamba ndipo amasanduka cakudya ca cimanga. Selo nalonso likamafa mwa dongosolo limafota, limadzidula tizidutswa, ndipo maselo ena amadya tizidutswato popanda kutupa kapena mafinya.

Khansa imayamba pamene selo lina lagontha makutu ku lamulo limeneli. Limaberekana kosalekeza, ndipo ana ace onse amatengera kusamva komweko.

Asilikali ochedwa B

Cibwerere ma ARV tonse tinazolowera kumva za CD4. Dzina limeneli ndi la cizindikiro cimene ciri pakhungu la gulu lina la asilikali a m'thupi, monga mmene ng'ombe za khola limodzi zimakhalira ndi cidindo cimodzi. Kulinso gulu lina la asilikali lochedwa maselo a B. Iwowa amabadwira m'mafuta a m'mafupa ndipo amakhala m'magazi, m'kapamba ndi m'timisonkhano tawo ta m'khosi, m'khwapa ndi m'mphecepece, pamalo paja pamene pamatuluka mwanabere tikakhala ndi cilonda.

Nchito ya maselo a B ndi kupanga zida zochedwa ma-antibodi. Antibodi imaoneka ngati mphanda. Nthambi ziwiri za kutsogolo zimagwira mdani, ndipo antibodi iriyonse imagwira mdani wa mtundu umodzi basi. Tsinde la kumbuyo ndi limene limaitana asilikali ena kuti abwere adzathandize. Katemera amene timabayitsa ana kusikelo amaphunzitsa thupi kupanga zida zimenezi matenda asanafike.

Selo la B lirilonse limavala antibodi yace pakhungu ngati khutu lomvera za kunja. Cinthu cikagwira pamenepo, uthenga umalowa m'kati. Nthawi zina uthengawo umati berekana, kwabwera mdani. Nthawi zina umati ufe. Mwacitsanzo, selo la B likali laling'ono m'mafupa, likapezeka kuti cida cace cikugwira mnofu wa mwini thupi, limakonzedwa, ndipo likakanika limalamulidwa kufa lisanavulaze munthu. Ndiye kuti maselo a B ali kale ndi khomo lolowera lamulo la imfa. Khomo limeneli ndi limene madokotala akhala akufunafuna pa maselo a lymphoma, pakuti mitundu yambiri ya lymphoma imacokera ku maselo a B omwewa.

Malungo, kacirombo ndi selo lokana kufa

Dokotala wa opaleshoni Denis Burkitt, wa ku Ireland, anali kugwira nchito pacipatala ca Mulago ku Kampala pamene anaona ana otupa nsagwada. Mu 1958 analemba za ana 38 otere. Mu 1961 iye ndi anzace awiri, a Ted Williams ndi a Cliff Nelson, anayenda pagalimoto makilomita okwana ngati 16,000 m'masabata khumi, kucezera zipatala zoposa 50. Anadutsanso m'dziko lathu lino, nthawiyo likuchedwa Northern Rhodesia, ndi ku Nyasaland. Anapeza kuti matendawa anali oculuka m'malo otsika, otentha ndi a mvula yambiri, monga m'mbali mwa nyanja ya Malawi, koma anali osowa kumapiri ozizira. Pambuyo pace zinadziwika kuti malo amenewa ndi omwe malungo sacoka.

Mu 1964 ku London, a Anthony Epstein, a Yvonne Barr ndi a Bert Achong anapeza kacirombo m'maselo a cotupa cimene cinatumizidwa kucokera ku Uganda. Kamachedwa Epstein-Barr, kapena EBV mwacidule. Kamayenda m'malovu, ndipo pafupifupi munthu wamkulu aliyense ali nako. Ambiri timakatenga tikali makanda ndipo timakhala nako moyo wonse osadwala.

Bvuto limabwera zinthu ziwirizi zikakumana. Mwana akamadwala malungo kawirikawiri, maselo ace a B amaberekana mothamanga kuti amenye nkhondo. M'selo muli tizingwe 46 tochedwa ma chromosome, mmene munalembedwa malangizo onse a selolo. Pothamanga paja, m'selo limodzi kacidutswa ka cingwe ca nambala 8 kangathe kuduka ndi kukalumikizika polakwika, kawirikawiri pa cingwe ca nambala 14. Pa kacidutswako pali lamulo lochedwa MYC, louza selo kuti liberekane. Malo amene lafikirawo ndi opangira ma-antibodi, amene m'selo la B sagona tulo. Motero lamulo lakuti berekana limalira usana ndi usiku.

Selo labwino likaona cipwirikiti cotere limadzipha lokha. Koma kacirombo ka EBV, pamodzi ndi zolakwika zina za m'selo, kamatseka njira ya imfa ija. Ndico cifukwa cace cotupa ca Burkitt cingathe kukula kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Ndi cimodzi mwa zotupa zofulumira kwambiri zimene madokotala amazidziwa.

Kupeza pogwira

Maselo amene anatengedwa kwa mnyamata wa ku Nigeria mu 1963 ndi wina wa ku Kenya mu 1967, onse odwala Burkitt, akali kuberekana m'mabotolo m'malabotale a maiko ambiri mpaka lero. Pa maselo onga amenewa ofufuza anaona cinthu codabwitsa. Akathira antibodi imene imagwira pa khutu lija la selo la B, maselo ambiri a khansa amaleka kuberekana, amafota ndi kufa mwa dongosolo. Ndiye kuti khomo la imfa silinagumulidwe, linangotsekedwa, ndipo likagogodedwa mwamphamvu lingatseguke.

Cotsalira cinali kupanga antibodi ya mtundu umodzi yoculuka ngati mankhwala. Njira yace anaipeza a Georges Köhler ndi a César Milstein ku Cambridge mu 1975, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1984. Mu 1982 gulu la Dokotala Ronald Levy ku Stanford m'dziko la America linalengeza kuti linapangira wodwala lymphoma mmodzi antibodi yogwira maselo ace a khansa okha, ndipo zotupa zace zinatha. Koma kupangira wodwala aliyense mankhwala aceace kunali kodula ndi kocedwa. Panafunika cidindo cimodzi copezeka pa maselo a odwala ambiri.

Cidindo cimeneco ndi CD20. Cimapezeka pakhungu la maselo a B abwino ndi pa maselo a mitundu yambiri ya lymphoma, kuphatikizapo Burkitt. Antibodi yogwira CD20, yochedwa rituximab, inaloledwa ku America mu 1997, ndipo inali antibodi yoyamba kuloledwa kumeneko kuti icize khansa.

Mmene rituximab amaphera selo

Mankhwalawa amalowa m'thupi pa diripi, pang'onopang'ono kwa maola angapo. Akafika m'magazi amadutsa maselo ena onse ndi kukakamira pamene pali CD20. Popeza mphanda iri ndi nthambi ziwiri, imagwira zidindo ziwiri nthawi imodzi, ndipo ma-antibodi akaculuka amakokera zidindo zambiri pamalo amodzi. Kuunjikana kumeneku ndiko kugogoda kuja. Uthenga umalowa m'kati, mcere wa calcium umaculuka m'selo, ndipo tinyumba topangira mphamvu tochedwa mitochondria timayamba kudontha. Zimene zadonthazo zimadzutsa ma caspase, amene ali ngati timipeni tokhala m'cimake m'selo lirilonse. Timipeni timeneti tikasololedwa timadula mizati ya selo ndi tizingwe ta malangizo tija, ndipo selo limafa monga mmene likanafera kale likanakhala lomvera.

Tsinde la mphanda nalo limagwira nchito. Limaitana mapuloteni ena a m'magazi amene amaboola khungu la selo la khansa. Limaitananso asilikali ochedwa NK, amene amathira m'selomo mankhwala awo odzutsa timipeni tomwe tija, ndi asilikali ena amene amameza selo lonse lathunthu. Ofufuza apeza kuti m'thupi la munthu nchito yaikulu imagwiridwa ndi asilikali oitanidwawa, ndipo kugogoda kwa pakhomo kumaonjezera. Kumafooketsanso alonda a m'selo amene amaletsa imfa, kotero kuti mankhwala ena a khansa amagwira bwino. Ici ndico cifukwa cace pa lymphoma yofulumira rituximab amaperekedwa pamodzi ndi mankhwala akale monga cyclophosphamide, vincristine, doxorubicin ndi prednisolone.

Wina angafunse kuti, nanga maselo a B abwino, poti nawonso ali ndi CD20? Inde, nawonso amafa. Koma mbeu yace ya m'mafupa iribe CD20, ndipo maselo okhwima amene akupanga kale ma-antibodi nawonso alibe. Conco munthu satayiratu citetezo cace, ndipo pakapita miyezi 6 mpaka 12 maselo a B atsopano amayamba kubwerera.

Zimene zaoneka kwa odwala

Mu 2002 madokotala a ku France ndi maiko oyandikana nawo analengeza za odwala acikulire 399 a lymphoma. Mwa amene analandira mankhwala akale okha, zotupa zinatheratu mwa 63 pa 100 alionse. Mwa amene anawaonjezera rituximab, zinatheratu mwa 76 pa 100. Mu 2020 kunatuluka zotsatira za ana 328 a m'maiko angapo, ambiri a iwo odwala Burkitt yofika patali. Patapita zaka zitatu, ana 94 pa 100 amene analandira rituximab anali bwino matenda osabwerera, pamene mwa amene sanalandire anali 82 pa 100.

Kwa anansi athu ku Malawi, pacipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzace anakhala zaka zambiri akuciza ana a Burkitt ndi mankhwala ocepa ndi otsika mtengo, ndipo pafupifupi theka la anawo anali kucira. Ku Lilongwe, pacipatala ca Kamuzu Central, pakati pa 2016 ndi 2019 odwala akuluakulu 37 a lymphoma analandira rituximab pamodzi ndi mankhwala akale. Ambiri a iwo anali ndi HIV ndipo anali pa ma ARV. Zotsatira zinatuluka mu 2021 ndipo zinaonetsa kuti mankhwalawa angaperekedwe bwino m'cipatala ca boma ca kuno kwathu. Oposa theka la odwalawo anali moyo patapita zaka ziwiri. Lilongwe ali pafupi ndi Chipata kuposa Lusaka, ndipo anthu ace amadya nsima ndi kudwala malungo monga ife.

Mu 2015 bungwe la zaumoyo la WHO linaika rituximab pamndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lirilonse. Makampani ena, monga a ku India ndi ku South Korea, amapanga ofanana nawo pamtengo wotsikirapo, ngakhale kuti kwa mlimi wa nshawa akali odula kwambiri.

Mankhwalawa ali ndi malamulo ace

Coyamba, rituximab amagwira pokhapo pamene pali CD20. Munthu sangadziwe zimenezi poyang'ana ndi maso. Dokotala ayenera kudula kacidutswa ka cotupa kapena kutengako ndi jekeseni, kuti kakapimidwe ku labotale. Kupima kumeneku n'kofunikanso cifukwa TB nayo imatupitsa anabere, ndipo mankhwala ace ndi ena.

Caciwiri, amasungidwa mufiriji ndipo amaperekedwa m'cipatala anamwino ali pafupi, pakuti ena amanjenjemera, kutentha thupi kapena kubanika pa diripi yoyamba. Munthu wokuuzani kuti ali nawo m'cikwama pamsika akukunamizani. Asanapereke, acipatala amapima magazi kuona HIV ndi matenda a ciwindi a hepatitis B, cifukwa hepatitis B yogona ingathe kudzuka maselo a B akacepa.

Cacitatu, maselo a khansa akafa ambiri nthawi imodzi, zinyalala zace zimalemetsa impso. Ndico cifukwa cace mwana amaikidwa madiripi a madzi ambiri masiku oyamba. Cotupa cikakhala caching'ono zinyalala zimacepa ndipo impso zimapirira. Cikakula kwambiri, ngakhale kuciza kwenikweniko kumakhala ndi ngozi. Pamenepa ndi pamene masabata amene tinataya kunyumba amatibwerera.

Cacinayi, cotupa ca Burkitt cimaphwa msanga, nthawi zina m'masiku owerengeka. Makolo ambiri akaona nkhope ya mwana yabwerera, ndipo kumudzi cimanga cikudikira kupalira, amatenga mwana kubwerera kwao. Koma maselo ocepa amene atsala ndi aja ouma mutu kwambiri. Akaberekananso, cotupa caciwiri cimabvuta kuciza kuposa coyamba. Mankhwala ayenera kutha ulendo wonse umene dokotala wanena, ndipo wodwala akatentha thupi pakati pa maulendowo athamangire kucipatala tsiku lomwelo.

Zimene tingacite pamudzi ndi pachalichi

Tizindikire zizindikiro. Cotupa ca pansagwada, padiso kapena m'mimba cimene cikukula msanga, mano ogwedera popanda cifukwa, mwanabere wosapweteka amene wapitirira masabata awiri osaphwa, thukuta la usiku, kuonda, kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo, kapena miyendo ya mwana kulefuka mwadzidzidzi, zonsezi n'zopita nazo kukiliniki mawa lomwe. Tisateme mphini pacotupa. Tisagule prednisolone patokha, cifukwa amaphwetsa cotupa kwa kanthawi ndi kusokoneza kupima. Ngati tapatsidwa mankhwala koma cotupa cikukulabe, tibwerere ndi kupempha kalata yopita kucipatala cacikulu monga Chipata Central, St Francis ku Katete kapena Mwami. Safunsa anadya phula. Tifunse adokotala kuti matendawa dzina lace ndani, ngati kacidutswa kapimidwa, ndiponso ngati CD20 yapezeka.

Ambiri amatumizidwa ku Lusaka, kumene kuli Cancer Diseases Hospital, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH. Kucokera ku Chipata ndi ulendo wa makilomita ngati 570 pa Great East Road. Banja limodzi silingathe lokha ndalama ya basi, cakudya ca wodikira wodwala ndi kusamala munda kwa miyezi. Mutu umodzi susenza denga. Timadziwa kusonkha mwamsanga pamaliro, kugula bokosi ndi kuphika nsima ya anthu mazana. Tiyeni magulu athu a amai, a abambo, a acinyamata ndi makopaletivu a alimi aphunzire kusonkha mwana akali moyo, ndi kupalira munda wa banja limene liri kucipatala. Abusa, ansembe ndi akatekisiti anene poyera paguwa kuti lymphoma si ufiti ndipo sipatsirana podyera mbale imodzi. Tipemphere, koma tipemphere tiri m'njira yopita kucipatala.

Tisaiwalenso neti. Mwana aliyense wogona m'neti ndi kulandira mankhwala a malungo msanga, maselo ace a B sathamanga kosalekeza. Akuluakulu amene ali ndi HIV asadumphe ma ARV, pakuti citetezo cikatsika lymphoma imapeza mpata.

Pempho lathu kwa Unduna wa Zaumoyo ndi kwa aphungu athu a kum'mawa ndi lakuti zotsatira za kupima zotupa zizibwera m'masiku, pakuti cotupa cowirikiza kawiri m'masiku awiri sicidikira mwezi. Tipemphanso kuti rituximab asamasowe m'zipatala za boma zociza khansa, ndi kuti cithandizo cimeneci cifike pafupi ndi ife. Nzeru zambiri za mankhwalawa zinacokera m'zotupa za ana a mu Africa, kuyambira ku Mulago mu 1958. Ana a ku Vubwi, ku Mambwe ndi ku Sinda ayenera kupindula nazo monga ana a maiko ena.